Che Twaliki ndi Makina a Chiuno cha Akazi Awo

Sabata yatha tinali ku Nselema, ku sadaka ya Che Twaliki, poti chaka chakwana chimwalirireni. Mbuzi inagwa, mpunga unaphikidwa, ashehe anachita duwa, ndipo azibambo atakhuta anayamba kutamanda malemuwo monga amachitira azibambo akakhuta. Wina anati Nselema yataya dokotala. Wina anagwira bondo lake n'kunena kuti pakadapanda manja a Che Twaliki bwenzi pano akuyendera ndodo. Ine ndinali kuseri kutsuka mbale ndi amayi anzanga, mtima ukuwira. Ndikudziwa kuti womwalira sitimunena, ndipo chaka chonsechi pakamwa panga ndinatseka. Koma makina amene anawapatsa udokotalawo sanali awo. Anali a akazi awo, Abiti Sumani, amayi anga aakulu, obadwa bere limodzi ndi amayi ondibereka ine. Chifukwa cha makinawo mkulu ndi mng'ono sanatsanzikane, ndipo nkhani yake ndiinena lero, wokwiya akwiye.

Anali bambo aafupi, otukula chifuwa, oyenda ngati pali anthu akuwaombera m'manja. Jekete yakuda ya kunjanji sankaivula ngakhale mu Okutobala, pamene nkhuku zomwe zimayenda kukamwa kuli yasa. Mabatani ake ankawapukuta ndi phulusa ndi ndimu Lachisanu lililonse asanapite ku mzikiti, ndipo m'thumba la pamtima munkakhala wezulo. Ntchito anagwira ku Nkaya, pamene njanji zimakumana n'kupatukana. Ankakoka chitsulo chosinthira njanji ndi kukupiza mbendera, yofiira kapena yobiriwira, malinga ndi mmene awauzira akuluakulu a pasiteshoni. Si ntchito yonyozeka, ana aleredwa nayo. Koma mukanawamva eni ake akufotokoza, mukanayesa sitima zonse za m'dziko muno zinkayamba zawapempha chilolezo. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali oti chinthu sichiyenda popanda munthu wodziwa, ndipo pa moyo wawo wonse munthu wodziwayo anangokumana naye mmodzi yekha, pagalasi.

Ankadziwa zonse. Mayi akusinja, iwo ankamuuza kagwiridwe ka munsi. Wozinga nkhuku ankamuuza kuti mpeni waupendeketsa. Okumba manda ankawauza kuti dzenje lakhota, iwo manja ali m'thumba. Wailesi ya m'nyumba sinkatsegulidwa ndi wina, ati akazi amasokoneza masiteshoni. Ankakondanso kunena kuti chikwatirireni sanamenyepo mkazi, ndipo ankazinena ngati munthu woyembekeza mendulo. N'zoona, sanawamenyepo. Dzanja lawo linali laulesi ngakhale pa zimenezo.

Kwathu ku Chikweo mwamuna amatsata mkazi. Amamanga pamudzi pa apongozi, nalima munda umene amupatsa, ndipo mkazi amakalamba pakati pa abale ake. Che Twaliki anapirira chikamwini dzinja limodzi lokha. Anati munthu wogwira mbendera ya boma sangatumidwe ndi apongozi kukasema mpini, natenga amayi aakulu kupita nawo ku Nkaya. Atapuma ntchito sanabwerere nawo kumudzi. Anamanga ku Nselema, m'mbali mwa msewu, pamene odutsa akanatha kuona jekete. Choncho amayi aakulu anakhala moyo wawo wonse ngati mlendo, opanda mng'ono wowatula mtolo kapena wowasisita msana. Amayi anga ankawasowa kwambiri. Mango oyamba kupsa pamtengo wa pakhomo pathu ankawatumiza ku Nselema iwo asanalaweko.

Chiuno cha amayi aakulu chinayamba kuvuta atabereka mwana womaliza, ndipo zidebe za madzi ndi mitolo ya nkhuni zinamalizitsa. Mukawafunsa pamene pakupweteka sankasisita msana wonse monga amachitira ena. Ankaloza ndi chala chimodzi, pansi penipeni pa msana, chakumanzere, pa kadzenje kamene kamakhala pamwamba pa thako. Ululuwo unkatsikira m'ntchafu. Kudzuka pamphasa inali ntchito: ayambe agwada, agwire khoma, apume kaye, ndiye aime. Poswali, anzawo akugwada kupemphera, iwo ankangokhala, kuwerama kutawakanika. Choopsa kwambiri chinali kukwera njinga, poti dzenje lililonse la pamsewu ankati likuwakhomera msomali m'fupa. Anatemera mphini mpaka khungu linatha malo, wotema ali amuna awo omwe. Anamwa mapiritsi mpaka m'mimba munayamba kutentha. Che Twaliki ankati chiuno cha mzimayi sichisowa dandaulo, ndipo ulesi umayambira pamenepo. Ankanena zimenezi atakhala pampando, akudikira tiyi amene mwini chiunoyo wawiritsa chokwawa.

Anthu a pamsika amene ankawatamanda aja zimenezi sankaziona. Iwo ankaona Che Twaliki a pa benchi ya pakhonde la tiyirumu, chikwama chansalu chili pamiyendo. M'chikwamamo munali kabokosi kakang'ono ngati sopo wosambira, koyendera mabatire, kokhala ndi mawaya awiri, ndipo kumapeto kwa waya aliyense kunali kachigamba komata pakhungu. Wodwala ankakhala pansi, iwo n'kumufunsa mafunso ambirimbiri, ndi dzina la bambo ake lomwe, kenako n'kumumata tizigambato pabondo kapena paphewa. Asanapotokole kabatani ankaimba wezulo, ati sitima ikunyamuka. Munthu ankamva ngati nyerere zikuyenda pansi pa khungu, mnofu n'kumadumphadumpha wokha, oonerera n'kumati aaa, koma Che Twaliki! Ena ankapezadi bwino kwa kanthawi, poti ntchito ya makinawo ndi yomweyo. Koma adokotala athu sanalekere pa mabondo. Anayamba kuchiza dazi ndi kusabereka, ndipo mwana wina wosakhoza kusukulu akanamumata pachipumi, mwayi mayi ake anathawa naye. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, mayi wolemekezeka, anawachenjeza kuti zimenezo saika pamutu, pakhosi kapena pamtima. Anamuyankha kuti iye akalimbikire za zimbudzi ndi maukonde a udzudzu, za magetsi azisiyire amene anagwirapo zitsulo.

Sankalipiritsa. Akanakhala kuti ankafuna ndalama ndikanati ndi umphawi, ndikanawamvetsa. Malipiro awo anali kapu ya tiyi, mandasi, ndi kumva a kabaza akukuwa kutsidya kwa msewu kuti, "Adokotala, mwaswera bwanji!" Chifukwa cha zimenezo basi, amayi aakulu ankaswera pakhonde akubuula.

Amene anatumiza makinawo ndi Asiyatu, mwana wawo woyamba, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Joni. Anaona mmene ankathandizira gogo wina kumeneko, nagula ena, n'kupatsira oyendetsa magalimoto obwera kumudzi. Pafoni ananena momveka kuti ndi a amayi ake, ndipo asawagwiritse asanakaonane ndi a chipatala. Ine ndimakhala ku Balaka, ndiye anandipempha kuti ndiwaperekeze. Che Twaliki sanaitanidwe, koma ndinawapeza atavala kale jekete.

Wa mafizo, wothandiza za mafupa ndi minofu, amene tinamupeza kuchipatala anali munthu waulemu, wolankhula mofatsa. Anawayendetsa amayi aakulu, anawakhazika, anawaimiritsa, kenako anatifotokozera m'Chichewa chomveka. Anati pansi pa msana pali fupa limene limalumikizana ndi mafupa a chiuno uku ndi uku, ndipo polumikizira pa kumanzere ndi pamene pavuta. Anati ululu umayenda m'mitsempha kupita kumutu, ndipo timagetsi tochepa ta makinawo timatanganitsa mtsemphawo kuti uthenga wa ululu uzifika wofooka. Sachiza ayi, anatero, koma munthu amapumako, amayenda, amagona. Anati kunja ena amawachita opaleshoni n'kuwaika kawaya m'kati pafupi ndi mtsempha, koma ife tiyambe ndi a pakhunguwa. Kenako anati, "Amayi, tatsitsani chitenje pang'ono ndikuonetseni pomata."

Che Twaliki anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Iyayi, iyayi, achimwene. Pamenepo ndiye ayi. Inu mukudziwa chimene chimakhala m'chiuno mwa mzimayi wapabanja?"

"Bambo, ndi ntchito yanga imeneyi. Koma ngati zikukuvutani ndiitana anesi achizimayi."

"Anesiwo ndi amene anagula mikandayo? Ndinagula ndine, ndi thukuta la kunjanji. Woiona ndine, woigwira ndine. Phunzitsani ineyo, ndizikawaika ndekha."

Amayi a msinkhu wawo amavala mikanda m'chiuno chilowereni m'banja, ndipo n'zoona kuti ndi ya maso ndi zala za mwamuna wawo. Koma mwambo sunaletsepo mzimayi mnzako. Timasamba limodzi kumtsinje, timabereketsana, timasambitsana tikafa. Lamulo loti ngakhale nesi, ngakhale ine mwana wawo, tisaone, linali la Che Twaliki okha, lopangidwa pomwepo. Amayi aakulu anangowerama, manyazi atawagwira. Wa mafizo uja anayesa kunena, koma pakhomo panali mzere wa odwala, ndipo anagonja. Anavomera kuwaonetsa Che Twaliki pamsana pa eni akewo. Poti bambo avule malaya, ife azimayi tinatulutsidwa. Tili panja tinangomva kuti, "Amawo!" Atatuluka anatiuza kuti ankatsokomola. Anatiuzanso, nkhope ili gwaa, kuti adokotala anenetsa kuti magetsi amapha, ndipo makinawo asagwidwe ndi munthu amene sanaphunzitsidwe. Amayi aakulu, amene m'nyumba mwawo munali musanalowepo magetsi, anakhulupirira.

Ndisawanamizire. Masabata oyamba ankawaika m'mawa ndi madzulo, mosamala, ndipo makinawo anagwira ntchito. Amayi aakulu anasesa pabwalo ali chiimire. Anapita ku mzikiti wapansi. Pafoni anandiuza akuseka kuti ululu uja sunachoke, koma wakagona kuseri ngati galu wokalipiridwa. Amayi anga atamva anavina pabwalo ku Chikweo, nayamba kukonza zoti akulu awo adzakhale kumudzi mwezi wathunthu tikakolola. Ndiye tsiku lina ku tiyirumu wina anadandaula za phewa, Che Twaliki n'kuti, dikira ndikuonetse. Kuyambira pamenepo makina ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo, poyamba tsiku la msika lokha, kenako tsiku lililonse. Ankabwera mabatire atafooka, tizigamba titadzaza ubweya ndi fumbi la m'miyendo ya anthu, tosamatanso, tochita kumangirira ndi mphira wa chubu cha njinga. Akazi awo akapempha, ankati makina atopa, nawonso amafuna kupuma.

Tinalankhula. Asiyatu anakalipa pafoni mpaka mayunitsi kutha, bambo ake n'kumuyankha kuti katundu wolowa pakhomo pa mwamuna ndi wa mwamuna. Ine nditayesa anandifunsa ngati ndinakokapo njanji. Tinatuma amalume, eni mbumba, kuti akawadzudzule. Anapita atakwiya, ndodo ili m'manja. Che Twaliki anawalandira bwino, anawafunsa chimene chikuwatsimphinitsa, nawamata pabondo. Amalume anabwerera ku Chikweo akutamanda alamu awo, nkhani imene tinawatuma ataiiwala pa benchi. Amayi aakulu okha sankadandaula. Ankangoti tiwasiye, banja ndi kupirira.

Kenako amayi anga anadwala. Sindinena zambiri za matendawo. A chipatala anayesa, natibweza kuti tikawasamalire kunyumba, ndipo tonse tinadziwa tanthauzo lake. Ndinapita ku Chikweo kukakhala nawo. Chakudya anasiya, nkhani anasiya, chinatsala n'kufunsa akulu awo. Anandituma kukabwereka mpando wokhala ndi chotsamira kwa aphunzitsi oyandikana nafe, poti akulu awo pamphasa sangathe. Tinauika kumutu kwa mphasa imene anagonapo. Wobwera kudzazonda akafuna kukhalapo, amayi ankatukula dzanja n'kunena kuti, "Umenewo ndi wa akulu anga."

M'mawa wina, nditaona kuti ndi madzi omwe akubwerera pakamwa, ndinaimba foni ku Nselema n'kunena kuti abwere lero, osati mawa. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza amayi aakulu okha pambuyo pake, ndipo mayi woyandikana nawo nyumba anachitira umboni. Anaitanitsa njinga yamoto ya kabaza, anamanga kathumba kawo, n'kupita kwa amuna awo, amene anali akupukuta nsapato.

"Bambo a Asiyatu, ndiikeni makina aja ndinyamuke. Mng'ono wanga akundiitana."

"Mupita mawa. Odwala amaitana tsiku lililonse."

"Akuti wasiya ndi madzi omwe."

"Nanga Alhaji ndiwauze chiyani? Munthu wa malole, wachita kutumiza uthenga kuti lero abwera ndi phewa lake kuchokera ku Ntaja. Andipeze chimanjamanja?"

"Phewa lidikira, bambo. Ndimateni, muwasiye pathupi pangapa, mawa ndibwera nawo."

"Magetsi ayende okha pamsewu popanda munthu wodziwa? Mukufuna ndiike maliro awiri?"

"Ndiye tiyeni limodzi."

"Ndati mawa."

Anakoleka chikwama paphewa n'kumapita. Amayi aakulu anakwera njingayo opanda makina. Amene anadutsapo msewu wa ku Chikweo akuudziwa, ndi mabampu ndi mchenga wokhawokha. Sanafike ndi pamlatho woyamba pomwe. Wa kabaza anati anangomva mayi akumufinya m'nthiti, kenako akusanza, ndipo anaopa kuti agwa. Anabwerera nawo pang'onopang'ono, nawatsitsa monyamula, ndipo chiuno chinavuta kotero kuti kwa masiku angapo sanathe ngakhale kutembenuka. Alhaji uja sanabwere. Che Twaliki anaswera pa benchi mpaka msika kutha, makina ali pamiyendo.

Ku Chikweo, njinga iliyonse ikadutsa pamsewu amayi anga ankatsegula maso. Anamwalira dzuwa litapendeka, nkhope italoza kukhomo.

Ife maliro sitichedwa nawo, ndiye m'mawa mwake tinaika. Thupi la mng'ono linayenera kusambitsidwa mkulu wake alipo, koma linasambitsidwa ndi ena. Che Twaliki ndiye anabwera, mabatani akuwala, chikwama chili paphewa. Anauza anthu kuti akazi awo ndi osamva, anakwera njinga iwo atawaletsa, taonani tsopano. Ndipo pochokera kumanda, pansi pa mtengo wa mango uja, ndinawaona ndi maso angawa akumata tizigamba pabondo la mkulu wina wobwera kudzalira. Wezulo yokha ndi imene anachita nayo manyazi, sanaimbe.

Patapita masiku ndinapita ku Nselema kukapereka mpango wa amayi anga kwa akulu awo. Ndinawapeza atayamba kudzuka. Anaulandira, anaununkhiza, sanalire. Pakhonde panali Che Twaliki ndi azibambo awiri a ku mzikiti obwera kudzapepesa, tiyi ali pathebulo. Amayi aakulu anandipempha lezala, nalowa kuchipinda. Ndinamva tinthu tikugwera m'mbale yachitsulo. Anatuluka dzanja limodzi litagwira khoma, lina litanyamula mbaleyo, ndipo m'malo mogwada monga ankadzikakamizira zaka zonse, anaiika pathebulo ali chiimire, pakati pa makapu. Inali mikanda yonse, yofiira, yoyera, yakuda, zingwe zake zitadulidwa.

Alendo aja anazolika. Chinthu chimenecho mwamuna wina sayenera kuchiona, ndipo amayi aakulu ankadziwa bwino lomwe.

"Zanu ndi izi, bambo a Asiyatu. Munagula ndinu, tengani. Chatsala m'chiunomu ndi ululu wokhawokha, ndipo umenewo ndi wanga. Ndipatseni makina a mwana wanga."

Che Twaliki anayang'ana alendo, alendo maso ali pansi. Pomaliza anatsitsa chikwama n'kuchikankha ndi phazi.

"Mukafa nawo musanditchule."

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatola chikwamacho, tinalowa m'nyumba awiri. Amayi aakulu magetsi ankawaopadi, koma anakana kuti ndiwathandize. Anapukuta tizigamba ndi kansalu konyowa, anapisa dzanja kumbuyo, anamata kena uku kena uku pa malo amene chala chawo chinkaloza zaka zonsezo, napotokola kabatani pang'onopang'ono. Tiyi wa alendo anali asanazizire. Anamvetsera nyerere zija, kenako anandiyang'ana.

"Basi? Udokotala wake ndi womwewu?"

Pamenepo ndiye analira, kulira kumene sanalire atalandira mpango.

Asiyatu anatumiza tizigamba tatsopano kudzera kwa ine. Pa tsiku la sadaka ya amayi anga, amayi aakulu anakwera njinga ya wa kabaza yemwe uja, kabokosi katapanidwa m'chitenje, mawaya ali m'kati mwa malaya. Anaima apo ndi apo panjira kuti awongole mwendo. Anafika ku Chikweo dzuwa lisanafike pamutu, anatsika okha, nayenda okha mpaka pakhomo. Anthu analulutira, nanenso ndinkayesa akondwa. Iwo anangoima pabwalo, akuyang'ana khomo la mng'ono wawo.

"Ndikanafika, mwana wanga. Waona? Ndikanafika."

Che Twaliki anakhalabe zaka zingapo. Pa benchi sanasiye kupita, ndi chikwama chomwecho chopanda makina, n'kumauza anthu kuti makina anawatumiza ku Joni kukakonzedwa, ndipo kukubwera ena aakulu, oika ndi opaleshoni, amene madokotala a boma awapempha kale kuti adzawathandize. Podikira ankadina mabondo a anthu ndi zala. Kunyumba tiyi ankamupeza pathebulo, zovala zili zochapa, ulemu wonse wa pamaso pa anthu ulipo, koma akazi awo sanavalenso mkanda ngakhale umodzi. Anamwalira mwadzidzidzi, atagwa pochokera kumsika. Amayi aakulu anakhala eda yawo yonse, masiku amene namfedwa amabindikira m'nyumba, osaphonya. Titatsegula chikwama chija tinapeza wezulo ndi mikanda ija, itatungidwanso pa ulusi watsopano. Asiyatu analira, ati bambo ake ankawakonda amayi ake, kungoti sankadziwa kakondedwe. Mwina. Ine ndinkawadziwa ngati munthu amene sankataya chinthu chimene anagula.

Titamaliza sadaka sabata yatha ndinadutsa pa tiyirumu paja. Benchi ilipo, koma pamalo pawo pakukhala mayi wogulitsa nthochi, ndipo dengu lake lakwanapo bwinobwino. Kunyumba, pa msomali umene ankakolekapo jekete pali lichero. Pampando wawo wa pakhonde amakhalapo amayi aakulu, kawaya kakusuzumira m'chitenje, akusankha mpunga. Malo a Che Twaliki anadzaza msanga, ndipo sindinaone wowasowa kupatula azibambo a mabondo aja.

Malo amene sanadzaze ali ku Chikweo. Mpando uja aphunzitsi anakana kuulandira, ndiye ukadali m'nyumba ya amayi anga, pakona pamene panali mutu wa mphasa. Denga likudontha, chiswe chayamba mwendo umodzi. Amayi aakulu amapitako tsopano nthawi ya mango. Amalowa, amasesa, amaupukuta fumbi ndi mpango uja. Ndinawauzapo kuti akhalepo, poti ndi wawo, ndipo chiuno chawo pansi sichifuna. Anapukusa mutu, nagwira khoma, nagwada pang'onopang'ono, n'kukhala pansi pambali pake.